Makina a mabana pa nthawi ya chiperoni

Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ya tiyi, kukonza makina odula masamba. Atawachotsa ntchito, ndalama zimene anawapatsa anakagula nazo makina osindikiza mabana, zinsalu zolembedwa zolengezera zinthu, ku Limbe, akaunjika, aatali kuposa bedi. Tinawaika m'kanyumba kathu pamsika wa Goliati, pamalo a makolo anga, poti iwo anali mkamwini. Dzina pachitseko linali lawo, koma wokhala pamakina tsiku lonse ndinali ine. Ndinkawakonda makina aja, sindibisa. Mkazi amene ndinakulira kuthyola tiyi ndi dengu kumsana, ndinayamba kuitanidwa kuti amayi a mabana.

Bana imabwera yokulungidwa pampukutu. Marola amaikoka pang'onopang'ono, pamwamba pake hedi, kabokosi kolavula inki, ikuthamanga uku ndi uku. Vuto lake ndi chiperoni. Chinyezi chikalowa m'nyumba, bana imatukuka m'mbali, hedi n'kuigunda, n'kuikwinya, makina n'kutsamwa. Mmisiri amene anadzatiikira makinawo anatiphunzitsa tonse awiri chochita. Uzimitse kaye, ukweze chogwirira cha marola, ukankhire hedi pambali ndi dzanja, udule pokwinyika ndi lezala, kenako ukoke chotsalacho mofatsa. Ukatero upukute marola, uyatse hita, udikire bana iume.

Kudikirako n'kumene kunkawakanika amuna anga. Kufakitale makina akatsamwa ndi masamba, ankawagogoda ndi sipanala mpaka ayambenso kuzungulira, kapitawo n'kuwayamikira. Ndiye ankati chitsulo chimamva chitsulo chinzake. Nzeru yomweyo ankabwera nayo kunyumba, ndipo nthiti zanga zinkaidziwa bwino. Sipanala ija ankaisunga pansi pa tebulo, ngakhale pamakina athu panalibe nati yoti ingakwane.

Tsiku lina mu Juni, amayi a kutchalitchi anaoda bana ya msonkhano wawo. Anabwera kudzaitenga m'mawa ndisanamalize kuisindikiza, nkhungu itatseka mpaka minda ya tiyi osaoneka, nakhala pakhonde atafunda zitenje. Bana itafika pakati ndinangomva khwee! Ndinazimitsa msanga. Amuna anga anali pakhondepo kucheza ndi amayiwo, kudzitama kuti makina otere ku Thyolo kuno ndi ochepa. Atamva kuti zii, analowa.

"Wazimitsiranji iwe?"

"Atsamwa, abambo. Ndipatseni kanthawi, ndichotsa."

"Anthu akudikira panja, iwe ukuti kanthawi? Ukufuna andiseke?"

Anandikankha, nagwira bana ndi manja awiri, n'kuikoka mwamphamvu marola asanakwezedwe. Inang'ambika, chidutswa n'kutsalira pansi pa hedi. Anayatsa makina. Hedi inayenda pang'ono, inakukuta chidutswa chija, n'kuima ikulira. Pamenepo anawerama n'kutulutsa sipanala.

"Abambo, hedi imeneyo si ya kufakitale! Musamenye!"

Ndinaika mkono pamwamba pa hedi. Sindinaganize, ndinangotchinga monga umatchingira mwana. Sipanala inatera pamkonopo ndipo fupa ndinalimva likuthyoka. Iwo sanaime. Kachiwiri anapeza hedi, pulasitiki n'kumwazika, timapaipi ta inki n'kuphulika, yofiira ndi yabuluu thoo pakhoma. Ataona zimene achita, mkwiyo wonse unatembenukira kwa ine. Anandigwira tsitsi n'kundiombetsa nkhope pachitsulo cha makina, akukuwa kuti ndawaphera bizinesi. Dzino linathyoka. M'kamwa munadzaza magazi ndi inki, osadziwa cholavula n'chiti.

Amayi aja ndiwo anandipulumutsa. Anathamangira m'nyumba, wina anawakola amuna anga chitenje m'khosi n'kuwakokera chagada, wina wachikulire anawathyolera ambulera pamutu. Anawakwekwereza mpaka pamsewu, m'matope, msika wonse ukuonerera. Ine anandikweza minibasi ya ku Boma, kuchipatala anandimanga chikhakha. Ndinali ndi manyazi, komanso ndinali ndi ukali woti ndikanatha kuluma munthu ndi mano otsalawo.

Nditatuluka, ankhoswe anakumana kwathu. Akuchimuna anayamba ndi nyimbo yawo ija yoti banja ndi kupirira, munthu amalakwa. Ananenanso kuti abale asonkha, hedi yatsopano igulidwa, ine ndibwerere pamakina mkono ukapola. Kunena zoona mtima wanga unagwedezeka. Ntchito ina imene ndinkaidziwa inali ya dengu basi.

Atsibweni, mchimwene wawo wa amayi anga, anamvetsera mpaka onse atatha. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwana wa mlongo wanga, pano ndi pako. Mkamwini akhale kapena azipita? Nena wekha."

Ndisanayankhe, amuna anga anadzuka. "Ndikachoka ndinyamula makina anga. Aone ngati adya khoma."

Anali kunena zoona, ndipo onse ankadziwa. Kwathu mkamwini amachoka ndi zimene anabwera nazo, nyumba ndi ana n'kutsala kwa mkazi. Ndinawayang'ana. Ngakhale pamaso pa atsibweni, chibakera anali atakunga kale.

"Anyamule," ndinatero.

M'mawa mwake kunabwera lole yonyamula nkhuni. Amuna anayi anatulutsa makina, inki ikudonthabe, nawakweza chopendekera osawafunditsa kanthu, chiperoni chikuwaza. Ndinafuna kukuwa kuti aphimbeni anyowa, koma sanalinso anga. Amuna anga anakwera kumbuyo n'kukhala pamwamba pake.

Lole itanyamuka ndinakhala pansi pakhomo, ndinalira mokweza mpaka mawu anasasa. Mayi wina wogulitsa tomato anadza kudzandisisita kumsana, akuti ndisalire, amuna ndi ambiri, ndidzapeza wina. Sindinamuuze kuti ndinkalirira makina.