Mitengo ya pansi pa nyumba yanga

Mwamuna wanga anali mmisiri womanga nyumba. Ntchitoyo anaiphunzira ku mishoni ya kwathu ku Ngauma, kwa mzungu wina wa ku Italiya yemwe tinkangomutchula kuti Irimau. Sanali wansembe ayi, anali munthu wa njerwa ndi laimu, wolongolola ngati wailesi. Zimene ankalongolola kuntchito, mwamuna wanga ankabwera nazo kunyumba, ine n'kumamvetsera uku ndikusenda chinangwa.

Ati kwawo kwa Irimau kuli mzinda womangidwa pamadzi. Misewu yake ndi ngalande zikuluzikulu, munthu ukatsegula chitseko umatsikira m'bwato. Ati makolo awo anathawa nkhondo kumtunda n'kukabisala m'zithaphwi za m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene adani sakanafika ndi akavalo. Poyamba ankagona m'zisakasa za bango. Kenako anaphunzira kusongola mitengo n'kuikhomera m'matope mothithikana mpaka mitu yake itabisika. Pamwamba pake ankayala matabwa, kenako miyala, kenako njerwa. Makoma ankamanga opyapyala, mazenera ambirimbiri, kuti nyumba isalemere. Ngakhale matchalitchi ndi nsanja za mabelu, ati zonsezo zaima pa mitengo.

"Bodza lenileni," ndinatero ine. "Mtengo ukhale m'madzi osaola? Mzungu wanuyo amakuyesani mwana."

"Suola, mayi a mwana," anandiyankha. "Chooletsa mtengo ndi mpweya. Ukakhala m'matope onyowa chaka chonse, umangolimbirako. Koma pakangouma, basi wapita."

Nkhondo itafika kwathu, Irimau anamusamutsa, sitinamvenso za iye. Asilikali a Chipwitikizi anatichotsa m'midzi mwathu kuti tisamadyetse anyamata a kutchire omenyera ufulu. Anatikweza m'makamiyau, malole awo akuluakulu, n'kukatitsitsa kufupi ndi Mitande, pamudzi wozunguliridwa ndi waya waminga. Malowo anawasankha chifukwa panalibe mitengo, maso awo ankafika patali. Koma abale inu, linali dambo! Tsekera yekhayekha, nthaka yakuda yong'ambika. Aliyense wolima ankadziwa kuti mvula ikadzagwa makoma adzasungunuka. Ine ndinali ndi pakati, ndipo mwana wathu woyamba anali wa chifuwa chosatha.

Mwamuna wanga anangoponda nthakayo ndi chidendene, nati, "Ndimanga ngati kwawo kwa Irimau."

Masana ankatilola kutuluka kukadula mitengo yomangira. Iye anadula ya muwanga yambiri zedi, n'kuisongola yonse mbali imodzi. Kenako anachita zimene tonse timachita kwathu: anaiviika padziwe la mumtsinje kuti isafumbwe, n'kuipsinja ndi miyala kuti isayandame. Kuviika mitengo sinali nkhani. Koma kusongola? Masiku amenewo kunkamveka mphekesera zoti anyamata a kutchire amakumba maenje m'njira n'kuzikamo zisonga. Munthu ankamangidwa chifukwa cha chikwanje chonola bwino.

"Inu bambo a mwana, mufuna kutiphetsa?" ndinamufunsa. "Mangani ngati anzanu. Ikagwa tidzamanganso."

"Ikagwa mwana ali m'kati?"

Mtima wanga sunakhale pansi. Munthu uja anali ndi makani, akanena wanena.

Anayamba kukhoma mothandizidwa ndi amuna awiri oyandikana nafe. Ankanyamula chipika cholemera n'kumachigwetsera pamutu pa mtengo, du! du! mpaka phokosolo linkamveka kumsasa wa asilikali. Tsiku lina kunabwera sipayi, wapolisi wachikuda wa boma la Apwitikizi. Anaima poteropo manja kumbuyo, n'kufunsa kuti mitengo yosongolayo ndi ya chiyani. Mwamuna wanga, mosangalala, anamufotokozera za mzinda wa pamadzi, mabwato, matabwa, zonse. Anthu ena akamva nkhaniyi ankaseka. Sipayi uja sanaseke. Anangoyang'ana mitengoyo, n'kuyang'ana ine, n'kumapita.

Nyumba inatha mvula isanayambe. Inali yaing'ono, ya makoma opyapyala, ngalande itaizungulira. Mitengo yonse inabisika pansi, kupatula yotsala imene inakhalabe padziwe paja. Ndinamuuza kangapo kuti akaivuule tiisandutse nkhuni. Ankangoti mawa, ati adzamangira khitchini.

Ndiye kamiyau ya asilikali inaponda bomba pamsewu wa ku Cuamba. Sabata imeneyo palibe analoledwa kutuluka pa waya. Asilikali anasakasaka m'tchire ndi m'mitsinje, mpaka anafika padziwe paja n'kupeza mitengo yosongoka itamizidwa ndi miyala.

Anabwera dzuwa lili paliwombo, ine ndikupeta chimanga pakhomo. Anaponya mitengo yonyowayo pabwalo. Mkulu wawo ankalankhula Chipwitikizi, sipayi uja n'kumamasulira.

"Akuti inali yambiri kuposa iyi. Ina ili kuti? Wapatsa ndani?"

"Ili pansi pa nyumbayi," anatero mwamuna wanga.

Asilikali anayang'anana. Ine ndinagwada. "Kumbani muwaonetse, bambo a mwana, chonde kumbani!" Anatenga khasu n'kukumba pakona ya nyumba yake yomwe, n'kuchotsa miyala, n'kutukula thabwa. Mitu ya mitengo inaoneka, yakuda, yothithikana ngati chimanga pachitsononkho. Mtima wanga unati myaa, ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Kalanga ine! Mkulu uja anasuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali, kenako analankhula pang'onopang'ono.

"Akuti ndiye kuti wabisa yambiri," anatero sipayi, maso ali pansi. "Akuti ukafotokoza bwino ku Cuamba."

Anamumanga manja ndi chingwe. Anthu onse anali m'nyumba zawo, zitseko zotseka. Akumukweza m'kamiyau anatembenuka, ine n'kumayesa kuti anena za mwana kapena za mimba yanga.

"Mukwirire pakonapo lero lomwe," anakuwa. "Muthirepo madzi. Musalole kuti paume!"

Ndinapsa mtima, ndikunena zoona. Munthu akukutenga asilikali, iwe n'kumakamba za mitengo! Ndinalira ndi ukali masana onse. Komabe dzuwa lisanalowe ndinabwezera thabwa ndi miyala, n'kukwirira, n'kuthirapo mitsuko ya madzi.

Mvula inagwa yoopsa chaka chimenecho. Makoma a anzathu anafewa n'kukhala pansi, mzere wonse. Yathu sinang'aluke ngakhale pang'ono. Ndinachirira momwemo, mwana wamkazi, m'nyumba mutadzaza amayi ndi ana a eni nyumba zakugwa. Mvula itatha ndinapempha chilolezo n'kupita ku Cuamba, khanda kumsana. Pachipata cha ndende anandiuza kuti munthu wotero sakumudziwa. Ndinapitanso nkhondo itatha, zitseko zili zotsegula, koma munalibe aliyense woti n'kumufunsa.

Waya atachotsedwa, anthu anabwerera kumidzi kwawo. Achimwene anga anabwera kuchokera ku Ngauma kudzanditenga, ndinakana. Anandinena kuti ndazungulira mutu, ine ndinati zikomo, yendani bwino.

Ndikukhalabe m'nyumba yomweyo. Denga ndasintha kambirimbiri, koma pansi sindinakhudzepo. Chilimwe chikafika pachimake, dambo likayamba kung'ambika, ndimatunga madzi n'kumathira m'ngalande ndi pakona paja. Adzukulu anga amaseka, ati agogo akuthirira nyumba kuti ikule. Ndimawauza kuti agogo awo aamuna anandisiyira ntchito imeneyi akukwera kamiyau, ndipo sanabwerebe kudzandiuza kuti ndileke.