Kuseri kwa Nyuzipepala za Amayi

Ndikukumbukira fungo la chipinda chathu cha ku Liwaladzi kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope za anthu ena. Linali fungo lozizira, lolemera, longa la chinangwa choviika. Koma kwathu kunyanja chinangwa choviika chimanunkha pakhomo lililonse, ndiye panalibe wofunsa. Tinkangoti ndi fungo la kwathu basi.

Nyumbayo Abambo anaimanga chaka chimene mpunga unachita bwino. Inali ya njerwa zootcha ndi malata, m'mphepete mwa dambo, ndipo anthu odutsa ankaima kuti aione. Tsoka ilo, ndalama zinathera padenga. Simenti yopulasitala inasowa, mafelemu a mawindo nawonso anasowa, choncho Abambo anatseka mabowo a mawindowo ndi njerwa, n'kunena kuti adzatsegula tikakolola. Tinakolola kangapo konse, njerwazo zili phee.

Amayi sanali munthu wolola kuti alendo aone njerwa zosapulasitala m'nyumba mwawo. Anapempha nyuzipepala zakale kwa amalume, amene ankakulungira usipa kumsika wa kuboma, n'kuphika phala la ufa wa kondowole, lonanda bwino. Ine ndinkapaka phalalo ndi chitsononkho, iwo n'kumamata, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lawo linkafika atakwera pamtondo. Azimayi anzawo ankabwera kudzasirira, ena mpaka anakatengera kwawo.

Amayi kusukulu sanapondeko, ndiye masamba ena anamatidwa chadodolido. Mng'ono wanga Asiyatu, amene ankagona chakukhoma pamphasa yathu, anaphunzirira zilembo pamenepo asanayambe sukulu. Pafupi ndi mutu wake panali mayi wina wotsatsa sopo, mano onse pamtunda, miyendo m'mwamba. M'mawa uliwonse Asiyatu ankamupatsa moni n'kumufunsa ngati mutu sukumuwawa.

Mvula ya ku Nkhotakota ikayamba sidziwa kuleka. Dzinja likafika, pansi pankachita thukuta, mphasa inkazizira, zovala za m'thumba zinkatuluka zonyowa ngati zachapidwa kumene. Pamapepala paja pankabadwa timadontho takuda. Amayi ankati ndi mphemvu, zomwe zinalikodi zambiri chifukwa cha phala lija, ndipo Idi ikayandikira ankamata masamba ena pamwamba pa akalewo. Mayi wa sopo uja anakwiririka choncho, Asiyatu analira tsiku lonse. Khoma linanenepa. Ukalidina ndi chala linkalowa ngati buledi.

Chaka chimene Asiyatu anayamba sukulu, chifuwa chake chinayamba kuimba likhweru. Ankakhala tsonga, mapewa m'mwamba, maso ali tong'o, kufunafuna mpweya. Ine ndinkamusisita kumsana ndili ndi mantha osaneneka. Kuchipatala anati ndi mphumu. Chodabwitsa n'chakuti akapita kukakhala kwa azakhali ku Nkhunga, m'nyumba yaudzu yolowa mphepo mbali zonse, ankachira mpaka kumasewera fulaye. Akabwerera kwathu, sabata isanathe likhweru lija labweranso.

Amayi anaganiza kuti vuto ndi mphepo ya panyanja. Anatseka ndi nsanza mipata yonse ya pakati pa malata ndi khoma, pansi pa chitseko anaikapo chiguduli, ndipo kunja kukachita mitambo Asiyatu sankaloledwa kutuluka. Ankakhala m'chipindamo, nkhope kukhoma, kuwerenga nkhani za mpira za zaka zapitazo. Tinamutsekera mmenemo chifukwa chomukonda, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zaumoyo panjinga. Atamvetsera mmene mwanayo ankapumira, anafunsa kuti, "Mayi, kodi m'chipinda chimene amagona mwanayu mulibe chinyezi? Mulibe chuku?"

Amayi zinawakhudza. "Chuku m'nyumba mwanga ine? Lowani mudzionere nokha, bambo."

Munthuyo anasuzumira. Masamba anali atsopano, omatidwa sabata yomweyo, pansi posesedwa bwino. Anayamikira ukhondowo, koma potuluka anauza Abambo kuti mawindowo ngofunika kutsegula.

"Tikakolola, achimwene," anatero Abambo.

Kukolola kunali kusanafike pamene Asiyatu anabanika m'mawa wina, mvula ili kugwa tsiku lachingati kaya. Milomo yake inasintha mtundu. Amayi anamubereka, Abambo akuthamanga patsogolo kukaimitsa galimoto kumsewu watala. Galimoto inachedwa. Anatsirizikira pamsana pa Amayi, pansi pa mtengo wa mango wa pasiteji.

Monga mwa chipembedzo chathu, maliro sanagone. Masana omwewo amuna ananyamuka naye kumanda, azimayi n'kutsala m'nyumba. Anadzaza paliponse, mpaka m'chipinda chathu, zitenje zawo zonyowa zikufuka nthunzi. Azakhali a ku Nkhunga aja anali atatsamira khoma, pamalo penipeni pa Asiyatu. Podzuka kuti akamwe madzi, msana wawo unakoka pepala. Linayamba kung'ambika pang'onopang'ono, kenako mapepala onse a zaka zonse zija anasendeka pamodzi ngati chikopa cha mbuzi, n'kugwa pamiyendo ya anthu.

Kuseri kwake kunali bii. Njerwa zinali zonyowa, zomera chuku chakuda ndi chobiriwira, chaubweya, ndipo chinali chitakhuthala kwambiri m'munsi, pamene mwana wogona pamphasa amapumira. Fungo lija linatuluka lonse nthawi imodzi, ena anayamba kutsokomola. Pamulu wa mapepalawo ndinaona kachidutswa ka nkhope ya mayi wa sopo, mano okhaokha.

Kulira kunaleka. Amayi anakwawa kufika pakhomapo, anapakhudza, n'kununkhiza zala zawo. Kenako ananena motsitsa, osayang'ana munthu aliyense, "Anandifunsatu bambo aja."

Anatuluka, anakatenga munsi kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kugumula njerwa za pawindo. Azimayi anayesa kuwagwira koma anawakankha. Amuna pobwera kuchokera kumanda anawapeza ali pa windo lachiwiri, mpango utagwa, manja ali magazi.  Abambo anawalanda munsiwo n'kumaliza okha mawindo otsala. Tsiku limenelo mphepo ya panyanja inalowa m'chipinda chathu koyamba, mwini wake wa mphasa atapita kale.

Ine si dokotala, ndipo sindinganene motsimikiza kuti khoma lija ndilo linamutenga. Mwina mphumuyo ikanamutengabe. Ndayesa kuwauza Amayi zimenezi kambirimbiri, koma amangondiyang'ana.

Masiku ano ku Liwaladzi kulibenso womata nyuzipepala. Anthu akupulasitala, kupaka penti yamafuta, ena mpaka matayilosi. Koma ndaona m'nyumba za anzanga kuti madontho akuda akatuluka dzinja, amagula chitini cha penti n'kupaka pamwamba, kapena kukankhirapo kabati. Ndikawauza kuti apale, aumitse khomalo, aone kumene madzi akulowera, amati ndine wovuta. Ndinedi wovuta. Pomanga yanga kuno kuboma ndinakangana ndi mmisiri mpaka anayala pulasitiki pafaundeshoni, ndipo mawindo ndinagula malata asanagulidwe. Makoma ndimapaka laimu basi, sindipachikapo ngakhale kalendala. Ana anga amadandaula kuti kwathu kuli ngati sitolo yotha katundu.

Amayi akalamba tsopano, maso awo sakuona bwino. Akabwera kudzacheza, salandira madzi kapena mpando. Amayamba alowa m'chipinda cha adzukulu, kufufuza ndi manja mpaka apeze pamene pamakhala mutu wa wamng'ono kwambiri. Amagwira khoma pamenepo, n'kununkhiza zala zawo. Anawo amaseka, akuti agogo akupereka moni kwa khoma. Ine ndimaima pakhomo kudikira, ndipo sindipuma bwino mpaka Amayi atanena kuti, "Ndi louma."