Waya Woonda wa Amalume

Amayi anandichenjeza ndili wamng'ono kuti chinthu cha mwamuna chikakhala pansi, ndizizungulira, ndisamadumphe. Ankanena za maukonde. Kwathu ku Feira asodzi ankakhulupirira kuti mtsikana akadumpha ukonde woyalidwa pa mchenga, nsomba zimauthawa. Pa maukonde ndinamvera. Palibe anandiuza kuti lamulolo lidzafika mpaka pa waya wa magetsi.

Chaka chimenecho masau anabereka kwambiri. Paliponse pankanunkha masau oyanika pa masaka, ndipo ntchentche zinkasowa chosankha pakati pa masauwo ndi nsomba zouma za pende zimene amayi ankagulitsa pa msika. Nkhondo ya m'dziko la tsidya la mtsinje, ku Zumbo, inali itayandikira. Masana ena mfuti zinkalira kutsidya kwa madzi, aphunzitsi n'kutigoneka pansi pa madesiki, kenako n'kutibweza kunyumba. Anthu ankawoloka pa mabwato atanyamula mphasa ndi ana. Kunkamvekanso za mabomba okwirira mu msewu. Choncho amayi anapangana ndi mng'ono wawo wa ku Lusaka kuti ndikakhale kumeneko, ndikapitirize sukulu. Basi inkabwera ikafuna. Wonditenga anali mmodzi yekha, amalume, amene anali ndi vaneti yonyamula nsomba zouma ndi azimayi amalonda. Anandilonjeza malo kutsogolo pa ulendo wa kumapeto kwa masau. Ndinkagona ndi lonjezolo, n'kudzuka nalo.

Kenako amalume anabwera kuchokera ku Lusaka ndi ampulifaya, kabokosi kachitsulo ka mizere ngati nthiti, pamodzi ndi masipika awiri a m'mabokosi a matabwa. Ankati wailesi ya kaseti payokha ikulira ngati udzudzu. Ankafuna nyimbo zizimveka mpaka kudoko, amalonda azidziwa kuti vaneti yafika. Ampulifaya anaiika kuseri kwa mpando. Batire linali kutsogolo, pambali pa injini. Pakati pake panafunika waya, ndipo amene anapezeka anali wa nyale ya pa tebulo, wosiyidwa ndi kalaliki wina amene ankasamuka. Anali woyera, woonda ngati chingwe chosokera saka. Analinso wamfupi, ndiye amalume analumikiza zidutswa zitatu, m'molumikiza n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki la shuga.

Tsiku loika, wayayo anali atatambasulidwa pa bwalo. Ine ndinkachokera kumtsinje ndi ndowa pamutu, khosi likuwawa. Sindinazungulire. Msodzi wina wachikulire amene anakhala pa mthunzi anaseka n'kunena kuti basi, nyimbo zathawa. Onse anaseka, ndi amalume omwe.

M'mawa mwake anaimika vaneti pa msika n'kukweza mawu. Ng'oma za m'kasetimo zinkagunda mpaka m'mimba. Azimayi anasiya nsomba n'kuyamba kutyola m'chiuno. Kenako zii. Amalume anatulutsa fyuzi, kagalasi kofanana ndi chala cha khanda, m'kati mwake mutada. Anaika ina. Nyimbo zikakhala zapansi, zonse zinali bwino. Akangokweza kuti anthu amve, inkapsa. Pofika fyuzi yachinayi panalibenso woseka, chifukwa mafyuzi ankapezeka ku Lusaka kokha, ndipo m'kabokosi ka machesi momwe ankasungira munatsala atatu.

Apa m'pamene nthabwala ya msodzi uja inasanduka mlandu. Nthawi iliyonse fyuzi ikapsa, ine ndinali pafupi. Ndikanakhala kuti? Tebulo la amayi linali pomwe vaneti inkaima. Anandiletsa kuigwira, anandiletsa kudutsa kutsogolo kwake. Anzanga anayamba kunditcha wozimitsa disiko. Amayi, amene ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo, anangoti anandiuza kalekale. Ndipo amalume anandiloza ndi sipanala pamaso pa anthu.

"Iwe, ikapsa inanso, Lusaka uiwale. Sindinyamula tsoka m'motoka yanga."

Mpaka lero zimandiwawa. Munthu wamkulu, wodziwa kumasula injini n'kuibwezera, anaona chapafupi kukayikira mwana wa mlongo wake kusiyana ndi kukayikira waya wa nyale. Ana anga amadandaula kuti sindikhulupirira munthu. Akunena zoona. Ndinaphunzirira pa msika uja kuti munthu akalakwitsa ndi manja ake, amayamba wayang'ana amene ali wamfupi pa onse.

Panali munthu mmodzi amene sanaseke nawo. Tinkangowatcha amakanika. Anawoloka kuchokera ku Zumbo miyezi ingapo m'mbuyomo, ali ndi thumba la masipanala basi, ndipo ankakonza mainjini a maboti pansi pa mtengo kudoko. Anali aatali, osowa mano awiri akutsogolo, olankhula Chikunda chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anthu ankawapatsa ntchito koma sankadya nawo. Masiku amenewo aliyense wa tsidya ankayang'anidwa ndi diso limodzi.

Tsiku lina anaima pa vaneti, nyimbo zikulira pang'ono, n'kugwira waya uja ndi zala ziwiri. Anauza amalume kuti nawonso agwire. Anali wofunda. Ndiye anafotokoza, pang'onopang'ono, ngati akuuza munthu njira. Anati ampulifaya ikamakweza mawu imamwa moto wambiri, ndipo moto wonsewo ukudutsa m'kanjira kakang'ono, kataliko, kuchokera ku batire mpaka kuseri kwa mpando. Anati waya akatalika ayenera kunenepa. Pa mtunda umenewo pakufunika wonenepa ngati pensulo, chidutswa chimodzi, chopanda mfundo. Amalume anati ndiye angogula fyuzi ya nambala yaikulu. Amakanika anapukusa mutu.

"Abwana, fyuzi imasankhidwa poyang'ana waya. Mukaika yaikulu pa waya uyu, chopsa chikhala wayayo. Nenepetsani waya poyamba."

Anawonjezanso kuti fyuziyo ili malo olakwika. Amalume anaiika kumbuyo, pafupi ndi ampulifaya. Amakanika anati iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira kutalika kwa dzanja, kuti waya akakhuzika pa chitsulo penapake, moto uduke pomwe ukuchokera. Ndipo pomwe waya akulowa m'bowo la chitsulo, pavekedwe kapaipi ka labala. Pomaliza anandiyang'ana n'kunena kuti mwanayu alibe mlandu.

Anthu anali atazungulira. Ndinaona khutu la amalume likugwedera. Anayankha kuti munthu wothawa kwawo ndi thumba limodzi sangaphunzitse mwini motoka, ndipo ngati amadziwa zambiri choncho, bwanji sanakonze dziko lawo. Ena anaseka. Amakanika ananyamula thumba lawo n'kutsikira kudoko.

Masiku ano mdzukulu wanga ali ndi kamotoka kogunda nyimbo mpaka malata a nyumba yanga amanjenjemera. Tsiku loyamba kubwera nako ndinamuuza atsegule boneti. Anaseka, akuti ambuye mudziwako chiyani. Ndinaloza ndi ndodo n'kumufunsa kuti fyuzi ili kuti, ndipo waya wakeyu wagula kwa ndani. Anati anamuikira ndi katswiri wa ku Lusaka. Ine katswiri sindimudziwa. Ndinagwira wayayo ndi dzanja langa nyimbo zikulira, ndipo nditamva kuti ndi wozizira m'pamene ndinakwera.

Ku Feira kuja, patapita sabata amakanika atanyozedwa, fyuzi zinapsa ziwiri ndili kusukulu, koma amalume anati mphepo yanga inatsalira pa waya, ndipo ikapsa yomaliza ndiye kuti wanga watha. Inatsala imodzi, ndipo ulendo unali utatsala masiku anayi. Ndinkayenda mozungulira msika wonse kuti ndisaione n'komwe vanetiyo.

Masana ena amayi anandituma kukatenga mchere. Dzuwa linali pamutu, msika uli zii, amalume atapita kukasamba kumtsinje. Ndinaona miyendo iwiri itatuluka kunsi kwa vaneti. Anali amakanika. Anali ndi chingwe, akuyeza kuchokera ku batire mpaka kuseri kwa mpando, ndipo pambali pawo panali waya wakuda, wonenepa, wokulungidwa, amene anati anamuchotsa pa boti lakufa. Atandiona anatuluka, fumbi lili m'tsitsi, n'kumwetulira ndi mpata wa mano uja.

"Mwanangu, wayayu akwana. Mawa ndiwapatsa amalume ako, aike okha, anene kuti nzeru ndi zawo. Mlandu wako utha."

Ndinangogwedeza mutu n'kuthamanga ndi mchere wanga.

Dzuwa litapendeka, kunafika azimayi amalonda achilendo, ndipo amalume anafuna kuwaonetsa. Anakweza. Sipanapite nthawi, zii. Fyuzi yomaliza. Ndinali pa tebulo la amayi, ndikuingitsa ntchentche. Amalume anatsika pang'onopang'ono, akundiyang'ana, ndipo ndinaona Lusaka yonse ikundichoka: sukulu yopanda kugona pansi pa desiki, nsapato zimene amayi aang'ono analonjeza. Pakamwa panatseguka pokha.

"Si ine. Amakanika anali kunsi kwa motoka masana, ndi waya."

Sindinaname. Liwu lililonse linali loona. Kungoti ndinalekera pomwepo, sindinanene za waya wonenepa kuti anali wa chiyani, ndipo palibe anandifunsa.

Msika unasintha nthawi yomweyo. Azimayi anakoka ana awo kutali ndi vaneti. Wina anatchula bomba. Munthu wa tsidya, kunsi kwa motoka, ndi waya, masiku a mabomba okwirira. Panabwera amuna amene ankayang'anira za alendo masiku amenewo, n'kusuzumira kunsi ndi ndodo yaitali. Sanapeze kanthu. Komabe anatsikira kudoko. Ndinawaona akubwera nawo amakanika pakati, waya wakuda uja atanyamulidwa ndi mmodzi wa iwo ngati njoka yophedwa. Amakanika ankayesa kufotokoza, Chikunda ndi Chipwitikizi zikupingana m'kamwa, akuloza amalume kuti afunseni awa, ndinawauza pamaso pa anthu. Amalume ankayang'ana matayala awo. Amakanika atadutsa pa tebulo lathu sanandiyang'ane mokwiya. Anangondiyang'ana. Anawakweza m'galimoto ina, ndipo thumba la masipanala linakhala pansi pa mtengo masiku awiri, mpaka wina analitola.

Amalume anandigulira fanta. Anauza anthu kuti mwana wa mlongo wawo ndi maso, wapulumutsa motoka. Amayi anachapa madiresi anga awiri n'kuwamanga m'chitenje.

Tinanyamuka m'mawa, vaneti itadzaza mitolo ya pende ndi masaka a masau, azimayi anayi atakhala pamwamba pa katundu. Ine kutsogolo, monga analonjezera. Fyuzi inalibe, ndiye amalume anatenga kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kukulunga pa fyuzi yakupsa, n'kuibwezera. Anati tsopano wowononga wachoka, tione chimene chingazimitse. Zoonadi sizinazime. Tinatuluka mu boma nyimbo zikugunda, ana akutithamangira, ine nditatulutsa mkono pawindo kuti anzanga andione.

Titapitirira Katondwe ndinamva fungo. Osati la nsomba, osati la fumbi. Linali ngati la ndowa ya pulasitiki yoiwalidwa pa moto. Waya uja ankadutsa kunsi kwa mkeka wa labala, mbali yanga, ndipo utsi woyera unayamba kutuluka pakati pa mapazi anga. Ndinaopa kunena, poganiza kuti anenanso kuti ndi ine. Ndinalankhula pokhapokha pulasitiki yosungunuka itandimata pa kakolo. Amalume anaponda mabuleki, mayi wina n'kugwa pa mitolo. Amalumewo anathamangira ku boneti, n'kulimbana ndi mutu wa batire ndi manja okha mpaka unazuka. Azimayi ankathira mchenga m'kati ndi mbale. Moto unazima usanafike pa mpando. Waya yense, kuyambira ku batire mpaka kumbuyo, anali wakuda, wopanda khungu.

Tinaima pamenepo mu msewu, njiwa zikulira m'tchire, zala za amalume zitatuwa ndi matuza. Ine kakolo kankawawa, koma mtima unali ukuvina. Ndinauza aliyense kuti mwaona, sindinadumphe kanthu lero, si ine. Ndinabwereza kawiri kapena katatu. Mayi mmodzi wachikulire, akundimanga kansalu pa bala, anafunsa osayang'ana munthu.

"Nanga bambo aja?"

Amalume anatseka boneti. "Kwerani, dzuwa likupita."

Tinakwera. Ulendo wonse mpaka ku Lusaka tinayenda opanda nyimbo, ndipo ine ndinkadabwa kuti akuluakuluwa akhaliranji chete pomwe nkhani yatha bwino chonchi. Ndinali nditayera. Mutu wanga wa zaka khumi unafika pomwepo n'kuima. Sunafike poti ngati si ine, ndiye kuti si amakanikanso, ndi kuti vaneti ikanatha kutembenuka pomwe paja, boma lisanatalike, wina n'kukanena. Anthu asanu akuluakulu anadziwa zimenezo pa msewu paja. Palibe anati tibwerere.

Nditabwerako patapita zaka, ndinafunsa kudoko. Ena anati anawabweza tsidya, ena anati anawatengera ku tauni. Amalume mpaka kumwalira kwawo ankasintha nkhani ndikaiyamba.

Tsopano ndimakhala ndekha, miyendo yayamba kukana, ndipo ana ali kutali. Inu amene mumadutsa popita ku msika, muzigogoda, muone ngati ndadzuka. Mutchule dzina lanu momveka, chifukwa sinditsegula msanga. Ndipo ngati mukudziwa wina wa ku Zumbo amene atate ake ankakonza mainjini a maboti kudoko kwathu, mubwere naye. Ameneyo ndidzamutsegulira asanatchule dzina.