Kalata imene inagona m'kabati ku mgodi

Lachitatu, itangokwana 10 koloko m'mawa, ndikuchapa pakhomo pathu ku Tlaseng, kalaliki wa ku mgodi anafika ndi kalata ya ku yunivesite. Anachita kundiwerengera, poti ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Mwana wanga wamkazi anali atabayidwa ndi mpeni pochokera m'kalasi kupita ku hositelo. Thupi lake linali litatha masabata atatu ku mochale.

Panali patangopita zaka ziwiri chisinthire boma kuno ku Joni. Tisanamutumize, ine ndi bambo ake tinafunsa zonse: magiredi olowera, fizi, ndiponso ngati omaliza amapeza ntchito. A ku yunivesite anatiyankha mokoma. Za chitetezo anangotionetsa chithunzi cha mlonda ataima pageti.

Pa fomu, bambo ake analemba keyala ya ku mgodi, monga ankachitira machona onse. Kenako ntchito inawathera, ndiye kalatayo itafika inangoponyedwa m'kabati.

Kwathu uthenga wa maliro amatuma munthu, amafika pakhomo n'kukhala pansi. Anthu ophunzira kwambiriwo anamata sitampa basi. Titapita kukatenga thupi, mayi wa mu ofesi anati, "Ifetu tinalemba, mama. Vuto ndi keyala yanu." Ndinamufunsa ngati anaberekapo. Anangotseka failo. Mpaka lero sindinawakhululukire.

Masiku ano ndimasoka zovala pakhonde. Kholo likandifunsa za yunivesite, ndimaliuza kuti lisasaine fomu lisanaonane maso ndi maso ndi munthu amene adzabwere kunyumba zinthu zikadzavuta.