Nkhukuzi Amazinga Ndani

Bambo a kunyumba atawasamutsira ku Mangochi kuchokera ku Ntcheu, dzina langa linasowa. Pamsika, kutchalitchi, pamjigo, aliyense ankangoti “akazi a aphunzitsi.” Zinkandiwawa, ndisaname. Munthu wamkulu, manja ndili nawo awiri, koma mchere kupempha, sopo kupempha, ngati mwana.

Ndiye ndinaganiza zoyamba geni ya tchipisi ndi nkhuku pafupi ndi pamene amaima anyamata a kabaza. Bambo anavomera monyinyirika. Anati, “Yesani mwezi uno. Zikakanika, chiwaya chigulitsidwe, muzikhala pakhomo.” Ndinayankha kuti chabwino, koma mumtima ndinati muona.

Nkhuku ndinkapha ndekha kuseri kwa nyumba, monga tinkachitira kwathu. Kuphika ndiye musandiuze, fungo linkafika mpaka kumsewu. Koma anthu ankagula tchipisi chokha. Nkhuku ankangoziyang'ana, n'kumwetulira mwaulemu, n'kumapita. Ndinawonjezera tsabola, ndinatsitsa mtengo, ayi ndithu. Ndinkabwerera nazo kunyumba, ana n'kumadya mokondwa tsiku ndi tsiku, bambo awo akungondiyang'ana. Kuyang'ana kwawoko kunkandipsetsa mtima kuposa kundinyoza.

Mwezi uli pafupi kutha, mayi wina wachisilamu amene ankagulitsa usipa pambali panga anandipeza ndikupukuta misozi ndi chitenje. Anayang'ana m'chiwaya, n'kundifunsa, “Achemwali, nkhukuzi amazinga ndani?”

“Ndimapha ndekha,” ndinayankha monyadira.

Anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. “Ndiye mumati adye ndani? Kuno ambiri sitidya nyama ngati sanaizinge Msilamu atatchula dzina la Mulungu. Anthu amangochita manyazi kukuuzani.”

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya pafupifupi mwezi wathunthu.

M'mawa mwake mayi uja ananditengera kwa alamu ake amene amazinga nyama pamsika. Nkhuku zamoyo ndinazisenza m'dengu pamutu, ndipo ndinadutsa dala pakati pa anyamata a kabaza aja, nkhuku zikulira, kuti aliyense aone kumene ndikupita nazo. Pobwera ndinadzeranso pomwepo. Tsiku limenelo nkhuku zonse zinagulidwa, ana anga anadyera chisoso, ndipo anadandaula kwambiri.

Mwezi unatha, za kugulitsa chiwaya bambo sanazitchulenso. Loweruka lina anatulukira okha pa geni panga, koyamba chiyambire, atapisira shati yawo ya kusukulu. Benchi inali yodzaza. Wakabaza wina anagunda mnzake ndi chigongono, nati, “Sendera iwe, akhale amuna awo a mayi a nkhuku.”

Bambo anakhala, n'kudikira nthawi yawo ngati wina aliyense. Ndinatembenukira kumbali kuti asaone ndikuseka, kenako ndinawasankhira ntchafu yaikulu.