Ya Mapulagi Sikisi

Mukangonditchulira a Muhiwa, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la petulo losakanikirana ndi utsi wa makoko a nandolo. Anali aneba athu ku Nkhulambe, makaniko wopuma, ndipo pochoka ku Joni anabwera ndi magalimoto awiri a ku Amereka, onse ofiira, a mphuno zazitali, chiwongolero kumanzere. Kunja ngati mapasa, koma eni ake ankati, "Mtundu umodzi, mitima yosiyana. Iyi injini yake ndi ya mapulagi eyiti, iyo ndi ya sikisi." Ya eyiti ikalira nkhuku zinkathawira m'chinangwa. Ya sikisi anthu ankaiseka kuti ndi yopitira ku mvano. Ine zamapulagizo zinalibe nane ntchito, ndinkangokonda kudziyang'anira pachitseko chake, poti galasi kwathu kunalibe.

Chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, amayi inawaluma njoka m'munda wa nandolo, dzuwa litangokwera. Bambo anawabereka mpaka kwa a Muhiwa, ine pambuyo ndi mpango wawo, mwendo utayamba kale kutupa.

"Achimwene, lizani yaikuluyo, yothamanga ija!" anakuwa bambo.

A Muhiwa ananyamula chigubu cha petulo n'kuchigwedeza pakhutu. Petulo anali yekhayo, ndipo kogula kunali kutali.

"Tikwera ya sikisi."

"Mukufuna mkazi wanga afere panjira?"

"Ya eyiti petulo uyu imumwa tisanaone denga la chipatala. Ndiye muwaberekanso? Tsegulani chitseko."

Bambo anatukwana m'Chilomwe mawu oti sindingalembe pano, koma anatsegula.

Ulendo umenewo, abale! Ine kumbuyo, mutu wa amayi pamiyendo panga, thukuta lawo lozizira likunyowetsa diresi langa la sukulu. Ndinkawaitana kuti asagone, iwo n'kumangoyankha ndi chikope. Kutsogolo bambo akumenya bondo: "Pondani, achimwene, pondani!" A Muhiwa osawayang'ana n'komwe: "Ndikaponda imwa." Potsetsereka ankazimitsa injini, galimoto n'kumayenda zii, ndipo apo ndi pomwe ndinkamva bwino kupuma kwa amayi, kwafupikira. Ndinkapemphera kuti ailizenso ndisamve.

Inatsokomola kawiri titaona mpanda wa chipatala cha mishoni, pageti n'kuzimiratu. Azimayi ogulitsa zitumbuwa anasiya mabeseni awo n'kutikankha mpaka pakhonde.

Amayi anachira, ngakhale mwendowo ankaukoka mpaka kumwalira kwawo. Bambo kupepesa ndi pakamwa sankadziwa. Anangopita Loweruka ndi ndowa ya madzi n'kutsuka ya sikisi yokha, ya eyiti ili pomwepo ndi fumbi lake.

Lero ana a njinga zamoto pa siteji amandidziwa. Amandinyengerera kuti, "Amayi, kwerani yangayi, imauluka!" Ine ndimagwira thanki n'kuigwedeza, khutu ndatchera. Amaseka, aseke. Ndikapanda kumva kuti khuvu khuvu, sindikwera.