Mayi salanga mwana wobereka yekha

Chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku koleji, aphunzitsi athu aakazi anaitanitsa amayi a atsikana tonse amene tinakhoza. Ankati ambirife kwathu kunalibe amene anapondako ku koleji, ndiye mayi aliyense abwere kusukulu adzalange mwana wake asananyamuke. Ine ndinathamangira kunyanja ndi uthengawo ndikusekerera ndekha.

Amayi ndinawapeza akuyanika usipa pathandala. Anamvetsera manja ali pa ntchito, kenaka anati, "Mayi salanga mwana wobereka yekha. Apita azakhali ako."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ichi si chinamwali, ndi za sukulu, koma kunali kuyankhula ndi mwala. Kwathu ku Maganga malango amapereka ndi azakhali kapena anamkungwi, ndipo amayi sakanasintha zimenezo chifukwa cha aphunzitsi.

Tsikulo anzanga anakhala ndi amayi awo, ine ndi azakhali, amene anafika pa kabaza atavala chitenje chatsopano. Aphunzitsi atatigawa awiriawiri pansi pa mitengo ya mango, azakhali anayankhula nthawi yaitali osaseka ngakhale pang'ono, chonsecho ndi munthu wa nthabwala. Koma ine kumva ayi. Maso anga anali kwa mnzanga wina amene mayi ake ankamukonza kolala ya bulauzi. Ndinkangoti eya, eya, mumtima ndikuti amayi asankha usipa kusiya ine. Ndinapita ku Lilongwe ndi mkwiyo umenewo, ndipo patchuthi nkhaniyo sitinkaikhudza.

Amayi anamwalira ndili chaka chachitatu ku koleji. Itatha sadaka, azakhali anandifunsa ngati ndinasunga mawu a mayi anga. Ndinati mawu ake ati? Anandiyang'ana modabwa. Kani zonse za pansi pa mango zija sizinali zawo! Amayi anawakhazika pathandala sabata yathunthu, kuwauza zoti akandiuze, kuwabwerezetsa mpaka azakhaliwo anadandaula kuti nawonso ayambitsidwa sukulu.

Ndinawapempha kuti andiuzenso, ndipo ulendo uno ndinatchera khutu. Anayamba, nkulekeza.

"Mwanawe, ine ndinangonyamula nkukutulira iwe. Ndatsala ndi chimodzi chokha. Ankati ukakalephera usakaope kubwera kwanu."

Zimandiwawa mpaka lero. Amayi anandiyankhula sabata yathunthu, ine ndinatsala ndi chiganizo chimodzi.